Kodi 720,720 ili ndi chinsinsi chanji?

Funso: Ndine msungichuma wa banki mkhonde kuno kwa Kamwendo, ku Mchinji. Mwana wanga wa Fomu 2 akuti gulu litakhala ndi K720,720 likhoza kugawana mofanana popanda chotsala, kaya anthu ndi awiri, asanu ndi awiri, kapena 16. Kodi zimenezi ndi zoona, nanga zimatheka bwanji?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo wanena zoona. Anthu 16 aliyense angalandire K45,045, pamene anthu 13 aliyense angalandire K55,440, ndipo nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 imalowa mu 720,720 popanda kusiya kanthu. Palibenso nambala ina yocheperapo imene ingachite zimenezi. Theka lake, 360,360, limagawika bwinobwino mpaka pa 15, koma pa 16 limasiya 8.

Chifukwa chake chimaoneka tikaiphwanya nambalayi kufikira titatsala ndi manambala a prime okhaokha, amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Mu 720,720 muli 2 kanayi, 3 kawiri, kenaka 5, 7, 11 ndi 13 kamodzikamodzi, ndipo kuchulukitsa onsewa kumabwezera nambala yathu ija. Ma 2 anayiwo ndiwo amapanga 16, ma 3 awiriwo amapanga 9, ndipo 14 amachokera pa 2 ndi 7, pamene 15 amachokera pa 3 ndi 5. Nambala 17 ndi prime imene mulibemo, n'chifukwa chake membala wa 17 akalowa m'gulu, aliyense adzalandira K42,395 ndipo K5 idzatsala pamphasa.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri ndi maonekedwe ake, popeza ndi 720 wolembedwa kawiri. Kulemba nambala ya madijiti atatu kawiri motere n'chimodzimodzi kuichulukitsa ndi 1,001, ndipo 1,001 amapezeka pochulukitsa 7, 11 ndi 13. Choncho 853,853, kapena ina iliyonse yolembedwa mwa njira imeneyi, imagawika ndi manambala atatuwa, ndipo mungathe kuyesa nokha pa foni yanu. Mbali yotsalayo, ya ma 2, ma 3 ndi 5, imachokera mwa 720 mwini.

Akatswiri a masamu amaiika 720,720 m'gulu la highly composite numbers, limene katswiri wa ku India, Srinivasa Ramanujan, adalifotokoza mwatsatanetsatane mu 1915. Nambala imalowa m'gululi ngati ili ndi zoigawa zambiri kuposa nambala iliyonse yocheperapo, ndipo yathuyi ili nazo 240, kuwerengera 1 ndi iyo yomwe. Achibale ake aang'ono ndi 12, 60 ndi 360, amene timakumana nawo pa miyezi ya chaka, mphindi za ola ndi madigiri a bwalo lozungulira. Ngati gulu lanu silipitirira anthu khumi, K2,520 yokha imakwanira kugawika pakati pa chiwerengero chilichonse cha mamembala.