Liva ya haidiroliki ikutsika yokha? Musathamangire kugula pampu

Mafunso a mathirakitala akale achuluka sabata ino, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa, mvula ya kuno ku Joni imayamba cha mu Okutobala nde aliyense wakumbukira tsopano kuti thirakitala inagona pansi pa mtengo kuyambira mu Meyi.

Ndiyambe ndi bambo wina amene amalima kabichi ndi sipinachi papoloti cha ku Walkerville. Akuti: "Alangizi, ndili ndi Massey Ferguson 135, liva yokwezera pulawo imatsetsereka yokha ndikamalima moti ndinaimanga ndi chingwe cha mphira. Makaniko akuti tigule pampu."

Bambo, masulani kaye chingwecho, ndalama ya pampuyo ibwezeni m'thumba. Ngati dzanja la liva likuyenda lokha inu mukuliwona ndi maso, vuto lili panja pompo pambali pa mpando, osati mkati. Patsinde pa maliva awiri a haidiroliki omwe ali pamenepo pali timawashala togwira ngati buleki, pali kasipuling'i ndi nati. Thirakitala imeneyi anayamba kupanga mu 1964 nasiya m'zaka za m'ma 1970, nde tangoganizani zaka zonsezi livayo ikungokwezedwa ndi kutsitsidwa, timawashalato tinaperepeseka kalekale. Yambani ndi kumanga natiyo pang'ono, theka la kuzungulira basi, muyese, ikakana muwonjezere. Liva yabwino imayenda ndi zala ziwiri koma mukaisiya imaima pomwepo. Mukamanga mpaka nati kufika kumapeto koma ikutsetserekabe, ndiye kuti mawashala atha, gulani atsopano kumashopu a masipeya a mathirakitala, ndi tinthu totchipa. Koma chonde musapakepo girizi. Ambiri mumalakwa pamenepa, mukaona chitsulo chilichonse mumafuna kuchidzoza, pomwe malo amenewa amafuna kugwira, osati kuterera.

Kanthu kena musanamasule chilichonse: jambulani pafoni, komanso lembani chizindikiro ndi msomali pamene chitsulo chokhota chija, chomwe maliva amayendamo, chakhalira. Chikasuntha olo pang'ono liva imaloza pena mkati mukuchitika zina, mudzavutika tsiku lonse.

Achimwene ena amene amagwira ntchito pafamu ku Muldersdrift akuti yawo ndi yosiyana, liva ndi yolimba gwa, amachita kuimenya ndi chibakera. Limenelo ndi dzimbiri ndi fumbi achimwene. Thirani Q20, mafuta opopera ofewetsa dzimbiri, patsinde madzulo, igone, m'mawa muziigwedeza pang'onopang'ono, kenako masulani mupale ndi sandipepa ndi kupukuta ziume. Hamala ayi. Mkatimo muli timikono topyapyala ndi timawilo ting'onoting'ono tomwe timatengera uthenga wa liva kupita ku valavu ya pampu, mukatipinda ndiye kuti mwagula ntchito yochotsa chivundikiro chonse cha pansi pa mpando, chomwe ndi cholemera moti munthu mmodzi asayerekeze. Ikakhala kuti liva ikugwedera uku ndi uku chifukwa bowo lake linakula, pitani nayo kwa anthu osula zitsulo pamakina akuikireni bushi, kachitsulo kochepetsa bowolo, musawotcherere ili pathirakitala.

Tsopano funso lomwe landisangalatsa ndi la mayi ena a ku De Deur, agula Massey Ferguson 165 yoti aitumize kumudzi ku Kasungu. Akuti liva ili bwinobwino, siyenda yokha, koma pulawo ikakwera imatsika, kenako kudumpha, kutsikanso, ngati munthu wa ntchikwi. Eya mayi, apa ndiye vuto lili mkati, koma ngakhale apa sitinafike pogula pampu. Chitani chonchi: mangani pulawo, ikwezeni, zimitsani injini, khalani patali muziyang'ana. Ikatsika m'mphindi zochepa ndiye kuti oyilo akuthawira penapake. Tsitsani pulawo pansi, chepetsani oyilo mpaka pa bawuti ya mmunsi ya kachivundikiro kozungulira ka mbali ya kumanja, pomwe pali chopimira oyilo, tsegulani, lizani injini mukwezenso muunikemo ndi tochi. Oyilo akamagwa kuchokera kumwamba ngati denga lodontha, ndi maring'i a pisitoni ya mu silinda yokwezera kapena timphira ta paipi yoima ija yochokera ku pampu. Akamawira pansi pafupi ndi pampu, ndi mavalavu. Dzanja musalowetsemo injini ikulira, ndikubwereza, musalowetsemo, ndipo mwana kaya wantchito asakhale pansi pa pulawo yokwezedwa olo mphindi imodzi.

Muyang'anenso oyiloyo. Pa ma Massey amenewa giyabokosi, ekiselo ya kumbuyo ndi haidiroliki zimamwera mtsuko umodzi, pa 135 ndi malita pafupifupi 30. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi, nthawi zambiri amadzera pa timphira tong'ambika ta patsinde pa magiya thirakitala ikamagona pamvula. Khuthulani yense, tsukani sefa ya pampu ngati ilipo, thirani wolembedwa UTTO kapena STOU. Ine ndikanakhala inu mayi, zonsezi ndikanathana nazo konkuno isanakwere lole ya ku Beitbridge, ndi kugulirapo mawashala ndi timphira tapadera, pakuti kumudzi kanthu kakang'ono ngati kameneka kakhoza kuimitsa thirakitala mvula yoyamba n'kudutsa.

Pomaliza wina wafunsa kuti bwanji maliva alipo awiri, iye amangokoka iliyonse. Aaa inu. Yakunja, yolembedwa Draft, ndi yolimira, imamva kulimba kwa dothi kudzera pa mkono wapamwamba wolumikiza pulawo ku thirakitala n'kumasintha kuzama kwa pulawo yokha, nzeru ya Harry Ferguson imeneyo, mwini dzina la Ferguson lomwe lili pa mathirakitalawa. Yamkati, ya Position, ndi yoimika chida pamsinkhu umodzi, monga chotchetchera udzu. Polima, ya Position ikhale polembedwa Transport, muzisewera ndi ya Draft. Potchetcha, ya Draft ikhale mmwamba kotheratu. Ndipo mukamva pampu ikulira mokuwa mikono ili mmwamba, onani ngati liva yamkatiyo simunaipitirize mpaka polembedwa Constant Pumping, pomwe pampu imapopa osaleka, ibwezeni msanga oyilo asanatenthe.