Kodi Ndigulitse Munda Kuti Mwana Wanga Apeze Digiri?

FUNSO

Ndine mayi wamasiye wa ana anayi ndipo ndimakhala m'boma la Balaka. Mwana wanga woyamba, yemwe ndi mnyamata, adakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 19, koma sadasankhidwe kupita ku yunivesite ya boma. Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, akuti ndigulitse munda wathu kuti mwanayu akaphunzire ku yunivesite yomwe si ya boma, poti masiku ano munthu wopanda digiri sapita patali. Mwana mwini wakeyo mtima wake uli pa zamagetsi ndipo akufuna sukulu ya ntchito zamanja. Chikundizunguza mutu n'chakuti kwathu kuno kuli ana ena a madigiri amene angokhala pakhomo. Kodi digiri ndi yofunikadi chotere?

Mayi wankhawa, Balaka

YANKHO

Mayi, pepani kuti nkhani yaikulu chonchi mwaisenza nokha. Maganizo anga ndi akuti mundawo musagulitse, makamaka pamene wokaphunzirayo sakufuna maphunziro amene akumusankhira, komanso pamene pali ana ena atatu amene chakudya chawo chimachokera m'munda womwewo.

Achimwene anu sakunama ayi, ndipo mawu awo musawataye. Pali ntchito zimene munthu sangazigwire popanda digiri ngakhale atakhala wanzeru chotani, chifukwa malamulo ndiwo amatero. Dokotala ayenera kumaliza maphunziro ake, monga amene amaperekedwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kenaka n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo loya saimirira munthu m'khoti asanapeze digiri ya zamalamulo ndi kuvomerezedwa ndi bwalo lalikulu. M'boma namo, wa digiri amayambira pa giredi yapamwamba kuposa wa dipuloma kapena satifiketi, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera pa malipiro, pa kukwezedwa, mpaka pa penshoni. Mwana wanu akadati akufuna imodzi mwa ntchito zimenezi, yankho langa likadakhala lina.

Koma chimene mwaona kwanuko nachonso n'choona, ndipo chili ndi chifukwa chake. Pamene University of Malawi inkatsegulidwa m'chaka cha 1965, ophunzira ake sankakwana 100, ndipo boma latsopano linkasowa anthu ophunzira, kotero womaliza maphunziro ntchito inkachita kumudikira. Ambiri mwa makolo athu akadali ndi chithunzi cha nthawi imeneyo m'mutu. Lero mayunivesite a boma alipo 6, kuyambira pamene University of Malawi idagawidwa patatu m'chaka cha 2021, ndipo omwe si a boma ndi ochuluka kuposa pamenepo. Onsewa akutulutsa achinyamata chaka ndi chaka pomwe makampani ndi maofesi olemba anthu ntchito sadachuluke pa liwiro lomwelo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adali osakwana zaka 18. Khamu lonseli likubwera kudzapikisana pa mipata yochepa yomweyo. Ichi n'chifukwa chake olemba ntchito tsopano amafunsa zambiri kuposa pepala: wagwirapo kuti, ukudziwa kuchita chiyani, ndipo akukudziwa ndani amene angakuchitire umboni.

Tsono tibwere kwa mnyamata wanu. Chimene chandisangalatsa m'kalata yanu n'chakuti iye akudziwa chimene akufuna, zimene ana ambiri a msinkhu wake sakhala nazo. Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndipo makoleji ophunzitsa ntchitozi ndi odziwika: Nasawa ku Zomba, yomwe simuli nayo kutali, Soche ku Blantyre, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma lidayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Musanapite kulikonse, fufuzani ngati kolejiyo imaphunzitsadi zamagetsi, chifukwa si onse amene ali ndi maphunziro ofanana. Ntchito ya zamagetsi ili ndi msika, pakuti nyumba zikumangidwa m'matauni ndi m'misika ya kumidzi, magetsi akufika m'madera atsopano kudzera mu ndondomeko ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, anthu akuika sola m'nyumba ndi m'minda ya mthirira, ndipo zigayo ndi mapampu zimafuna wozikonza.

Sindikufuna kukunamizani kuti njirayi ndi yofewa. Waluso amafunika zida zimene mtengo wake ndi wokwera, amayenera kugwira kaye pansi pa mmisiri wina kwa nthawi ndithu asanaime payekha, ndipo miyezi ina ntchito imasowa. Ayeneranso kupeza chilolezo ku bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta la MERA kuti ntchito yake yoika mawaya m'nyumba izivomerezedwa. Chimene chimamukweza kapena kumugwetsa mmisiri ndi mbiri yake, ndiye muuzitseni kuti kusunga nthawi ndi kusadya ndalama za zipangizo za kasitomala n'kofunika mofanana ndi luso.

Dziwaninso kuti kuyamba ndi ntchito zamanja sikutseka khomo la digiri. Satifiketi yake ya MSCE sitha ntchito, ndipo mayunivesite athu, kuphatikizapo Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS) imene imaphunzitsa zauinjiniya, amalandiranso anthu amene adayamba ndi dipuloma ndipo agwirapo ntchito. Ambiri amaphunzira ali pantchito, akudzilipirira okha, ndipo munthu wotere amafika m'kalasi akudziwa kale chimene akufunako. Angathenso kufunsiranso malo ku mayunivesite a boma kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, ndipo atasankhidwa angapemphe ngongole ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede.

Ngati banja lingaumirirebe pa yunivesite yomwe si ya boma, pali zinthu zimene simuyenera kuziphonya. Funsani ku NCHE ngati sukuluyo, komanso maphunziro enieniwo amene mwana akukatenga, ndi ovomerezeka, chifukwa digiri yosavomerezeka olemba ntchito amaikana ndalama zitapita kale. Muwerengerenso mtengo wa zaka zinayi zonse, kuphatikizapo malo ogona, chakudya, mabuku ndi ulendo, podziwa kuti fizi imakwera. Ndalama za munda zikathera m'chaka chachiwiri, mudzatsala opanda munda, mwana ali wopanda digiri.

Khalani pansi ndi achimwene anu mwaulemu, mnyamatayo ali pomwepo kuti afotokoze yekha, ndipo mubwere ndi mapepala oonetsa fizi ya mbali zonse ziwiri. Ngati amalume ali ndi mtima wothandiza mphwawo, apempheni kuti thandizo lawo lipite ku fizi ya ku koleji ndi zida zoyambira ntchito.