Imelo inafika, koma inakagwera pa rekodi yopanda dzina

Achimwene, musanamupatse ndalama munthu amene akufuna kukulumikizirani imelo ku CRM yanuyo (pulogalamu yosungira mbiri ndi makalata a kasitomala aliyense pa tsamba lake, lotchedwa rekodi), mufunseni chinthu chimodzi: kasitomala akalemba kuchokera pa adiresi ina yomwe simunailowetse, kalatayo ikagwera pati? Akayamba kukanda m'mutu, muthamangitseni. Ndikulemba izi mtima ukuwawa chifukwa ife kuno ku Mchinji zinatiliza zomwezi.

Ife timagula mtedza ndi soya kwa alimi a m'makalabu cha ku Kamwendo ndi ku Mkanda, n'kukagulitsa ku Lilongwe. Tinapatsa ganyu mnyamata wina wa zamakompyuta, wapakamwa pokoma, kuti atiikire pulogalamuyi. Analumikiza bokosi la imelo la mayi athu a malonda, n'kutiuza molimba mtima kuti siyani kutsegula bokosilo, ingotsegulani rekodi ya kasitomala, zonse muzizipeza pamenepo. Chimene sanatiuze n'chakuti CRM imamuzindikira wolemba kalata ndi adiresi yake ya imelo. Wina akamalemba ndi Gmail yakeyake imene simunailowetse, sidziwa kuti uyu ndi uyu amagwira ntchito pa kampani imodzi.

Ndiye tinagwirizana ndi wogula wina wa ku Kanengo kuti timupititsire mtedza Lachisanu. Mkulu wogula zinthu analemba, imelo yake inalowa bwinobwino pa rekodi. Lachitatu madzulo, bambo oyang'anira nyumba yosungiramo katundu ya kampani yomweyo analemba ndi adiresi yawo ya pafoni kuti musabwere, malo adzaza, komanso tumizani kaye sampulo tiyeze chuku. Pulogalamu ija inangotsegula rekodi yatsopano, yopanda dzina, yopanda kampani, n'kuponya kalatayo m'menemo. Pa rekodi imene ife tinkayang'ana panali mawu akale aja oti bwerani Lachisanu.

Tinachita hayala lole. Anyamata anapakira matumba a makilogalamu 50 usiku wonse ndi matochi chifukwa magetsi anali atazima. M'bandakucha tinanyamuka mu msewu wa M12, kudutsa Namitete dzuwa likutuluka, ine nditakhala kutsogolo ndi dalaivala ndikuwerengera m'mutu zoti Lolemba alimi alandira zawo. Kufika pa geti, mlonda akuti simuli pa ndandanda wa lero. Ndinamuonetsa foni, iye n'kuyitana bambo oyang'anira nyumba yosungiramo katundu aja. Anatuluka atanyamula foni yawo, n'kundionetsa kalata yawo, tsiku ndi nthawi yake zikuoneka, pamaso pa dalaivala, pamaso pa anyamata, pamaso pa madalaivala a malole ena amene anali pamzere. Anangoti, kodi kuofesi kwanuko simuwerenga makalata? Manyazi ake! Pakamwa panga panauma. Foni ikulira osaleka, tcheyamani wa kalabu akufunsa ngati tatsitsa, mwini lole akuti galimoto ikagona kumeneko ndiye kuti tsiku lina lawerengedwa. Tinaima kunja kwa mpanda dzuwa lonse, mtedza ukutentha pansi pa tenti, kenako tinabwerera nawo ku Mchinji. Mafuta opita, mafuta obwerera, kutsitsanso matumba onse, ndiye kukaima pamaso pa amayi amene amadikira ndalama ya fizi ya ana.

Mnyamata uja nditamuimbira, mukudziwa anati chiyani? Akuti sisitemu yagwira bwino ntchito, imelo ilimo. Ilimo! Ilimo kuti, pomwe unatiletsa kuyang'ana? Ndalama zake analandira zonse, maphunziro amene analonjeza anangotipatsa a theka la ola ataimirira, pano foni sayankhanso. Anthu oterewa akuononga mabizinesi a anzawo m'maboma muno chifukwa amadziwa kuti kulibe wowatsutsa. Mpaka lero ndikamva akutchulidwa, thupi limandinyerenyetsa.

Komabe musathawe CRM ayi, lumikizani ndithu, ndipo lumikizani zonse. Ife tikuigwiritsabe ntchito ndipo sitingabwerere ku kope. Tsegulani adiresi imodzi ya malonda ya kampani, osati ya munthu, kuti wantchito akachoka makalata asapite naye. Musakhutire ndi BCC yokha, njira yotumizira CRM kope lobisika la kalata yanu. Adiresi ya BCC, monga imene ma CRM a HubSpot ndi Zoho amapereka, imalowetsa kalata imene inuyo mwatumiza, koma yankho la kasitomala silidutsa pamenepo. Pafunika kulumikiza bokosi lenilenilo, kaya ndi Gmail, Outlook kapena kudzera pa IMAP, njira imene pulogalamu imawerengera makalata a m'bokosi la imelo. Pa kampani iliyonse lowetsani anthu onse amene angakulembereni, wogula, wa akaunti, wosunga katundu, aliyense ndi adiresi yake, n'kuwamangirira ku oda imene mukukambirana. Ngati CRM yanu ndi ya Odoo, limbikitsani makasitomala kuti aziyankha pa kalata yomwe mwawatumizira, chifukwa akayamba yatsopano imatha kusochera osafika pa oda. Tsiku lililonse m'mawa wina azitsegula ma rekodi atsopano, apeze opanda dzina ndi obwereza, awaphatikize. Muzionanso malo: Gmail yaulere ili ndi 15 GB imene imagawana ndi Google Drive ndi Google Photos, ikadzaza makalata atsopano salowanso.

Zokambirana pa WhatsApp, zomwe kwathu kuno ndiye zambiri, sizilowa zokha pongolumikiza imelo, ndiye muzilemba pa rekodi ndi manja tsiku lomwelo. Ndipo lole isanapakire thumba ngakhale limodzi, imbani foni kwa munthu wa pa geti lenilenilo, osati bwana wa mu ofesi, mumve ndi khutu lanu kuti bwerani. Pa chimenechi kompyuta musaikhulupirire olo pang'ono.