Yankho pa funso la mayina a miyala ya m'mlengalenga

Achimwene, mwafunsa kuti miyala imene imazungulira dzuwa pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter imatchulidwa bwanji mayina, komanso ngati woyamba kuuona angaupatse dzina la mkazi wake. Angathe ndithu, ndipo ena anachitapo zimenezo. Koma dzina salithamangira. Poyamba amafuna adziwe bwinobwino njira imene mwalawo umadutsa, chifukwa kadontho kamene wakaona usiku umodzi kakhoza kukusowa osadzakaonanso.

Titenge mwala wotchedwa Vesta. Anautulukira ndi Heinrich Olbers, dokotala wa ku Bremen ku Germany, pa 29 Malichi 1807. Masana ankaona odwala, usiku n'kukwera m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yake kukasuzumira pa telesikopu. Sanaupeze mwamwayi ayi. Ankaganiza kuti miyala ina iwiri, Ceres ndi Pallas (wachiwiriwu anautulukira iye yemwe mu 1802), ndi zibenthu za pulaneti limene linasweka, ndiye ankalondera pamene njira zawo zimayandikirana, ngati mlenje wobisalira nyama podikha. Ganizo lakelo asayansi analikana pambuyo pake, akuti miyalayi sinaumbikepo kukhala pulaneti chifukwa mphamvu yokoka ya Jupiter inkaisokoneza. Komabe iye mwala anaupeza.

Zotchula dzina anasiyira Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu uja amene mawerengedwe ake anathandiza kuti Ceres apezekenso atasowa kuseri kwa dzuwa mu 1801. Gauss anawerengetsanso njira ya mwala watsopanowu, n'kuutcha Vesta, mulungu wamkazi wa Aroma woyang'anira moto wapamafuwa. Ineyo dzinali limandisangalatsa, poti pa miyala yonseyi wowala kwambiri ndi umenewu, moti nthawi zina umaoneka ndi maso okha kukakhala mdima wabii. Umatenga zaka 3 ndi miyezi yoposa 7 kuzungulira dzuwa, m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 525, ndipo chombo cha NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, chotchedwa Dawn chinauzungulira mu 2011 ndi 2012.

Masiku ano mwala umayamba walandira nambala njira yake ikatsimikizika, kenako wotulukirayo amapereka dzina ku komiti ya International Astronomical Union, bungwe la akatswiri a zakuthambo a padziko lonse. La wandale amalikana mpaka patapita zaka 100 mwiniwake atamwalira. Pakati pa miyalayi palinso mwala nambala 1242 wotchedwa Zambesia, dzina lochokera ku chigwa cha Zambezi, umene Cyril Jackson anautulukira ali ku Johannesburg mu 1932.