Lauryn Williams: wothamanga mamita 100 anakapezeka bwanji pa ayezi?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti pali mayi wa ku America amene anapata mendulo pothamanga ku Olimpiki, kenako n'kupatanso ina pa bobsleigh. Ngati munthu angangolowa n'kupambana chonchi, ndiye kuti masewerawo ndi ophweka?"

Zikomo akulu. Mayiyo ndi Lauryn Williams, ndipo zimene mwamvazo n'zoona. Koma pa zoti ndi ophwekazo, pamenepo ndikana.

Bobsleigh ndi kangolo kotsetsereka mumsewu wa ayezi wokhotakhota, pa liwiro loposa makilomita 120 pa ola. M'kangolo ka anthu awiri, wakutsogolo ndiye woyendetsa, ndipo luso limenelo limatenga zaka kuti munthu alidziwe. Wakumbuyo ntchito yake ndi ina. Amakankha kangoloko limodzi ndi woyendetsayo ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi 5 kapena 6, monga mukankhira galimoto yofa batire, n'kudumphiramo ikathamanga. Akalowa amaweramitsa mutu, osaona kumene akupita, mpaka kumapeto komwe amakoka buleki. Kachidutswa ka sekondi komwe mwataya pokankha kamakula pofika kumunsi. N'chifukwa chake makochi a masewerawa amasakasaka anthu othamanga mitunda yaifupi. Williams anali wakumbuyo. Sanaphunzire kuyendetsa, anabwera ndi chinthu chomwe anali atachinola kwa zaka zoposa 10, kunyamuka ndi liwiro la mtondo wadooka.

Ndipo sanali wothamanga wamba. Pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004 anatenga siliva pa mamita 100 ndi masekondi 10.96, kumbuyo kwa Yulia Nesterenko wa ku Belarus. Mu 2005 ku Helsinki anakhala katswiri wa dziko lonse. Ku Osaka mu 2007, iye ndi Veronica Campbell wa ku Jamaica anafika pamzere onse ndi masekondi 11.01, oweruza n'kukhala nthawi akuunika chithunzi, golide n'kupita kwa Campbell.

Mpikisano wopatsirana kamtengo ndiwo unamuliritsa. Ku Athens, Marion Jones analephera kumupatsira kamtengo m'malo ovomerezeka, timu yonse n'kutuluka. Ku Beijing mu 2008 kamtengo kanagwa pansi pakati pa iye ndi Torri Edwards. Kawiri konse dzina lake linali pakati pa tsokalo, ndipo mukudziwa mmene anthu amalankhulira zikatere. Golide anadzamupeza ku London mu 2012, koma iye anangothamanga mu ndime yoyamba. Tsiku la fainolo, pamene anzake ankaswa mbiri ya dziko lonse ndi masekondi 40.82, iye sanali m'bwalo lothamangira. Malamulo amati aliyense amene anathamangako m'timumo alandire mendulo, choncho analandira.

Mu 2013, akuganiza zopuma, anakumana ndi Lolo Jones, wodumpha mipiringidzo yemwe anali atalowa kale mu bobsleigh, ndipo ndi iye anamukopa kuti akayese. Pasanathe chaka anali ku Sochi, ku Russia, pa Olimpiki ya nyengo yozizira ya 2014, akukankhira Elana Meyers. Mpikisanowu umakhala wa maulendo 4 m'masiku awiri, nthawi zonse n'kuziphatikiza. Atatha maulendo 3 anali patsogolo. Paulendo womaliza Kaillie Humphries ndi Heather Moyse a ku Canada anawapitirira ndi masekondi 0.10 okha. Mukaphethira, nthawiyo yatha kale.

Siliva ameneyo anamupanga kukhala mayi woyamba wa ku America kupata mendulo ku Olimpiki zonse ziwiri, ya nyengo yotentha ndi yozizira. Akanapambana, akanafanana ndi Eddie Eagan, yemwe anatenga golide pa nkhonya mu 1920 ndi wina pa bobsleigh mu 1932.

Kunena zoona, ine siliva wa ku Sochi ndimamuwerengera kuposa golide wa ku London, chifukwa kumeneko anakankha nawo iye mwini maulendo onse 4. Ndipo musaiwale Lolo Jones uja. Nayenso anali ku Sochi, ndi miyendo yaliwiro ngati mnzakeyo, koma anabwerako chimanjamanja. Amene anayesa chovuta kuposa apo ndi Seun Adigun, wodumpha mipiringidzo wa Nigeria ku London mu 2012, amene anakhala pampando wa woyendetsa weniweni n'kutsogolera timu ya amayi ya Nigeria pa Olimpiki ya ku Pyeongchang, ku South Korea, mu 2018. Anamaliza kumapeto kwa mndandanda.