Kodi tchipisi cha masana n'chimene chikukudyerani nyumba?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa zaka 28 amene amagwira ntchito mu ofesi ina pa Ginnery Corner mu Blantyre koma amakhala ku Machinjiri. Wapempha kuti dzina lake lisatuluke. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ndi akewo:

"Pa tsiku langa lobadwa ndinaika chithunzi cha piza pa WhatsApp. Lamlungu lake tili kwa amalume ku Nkolokosa, pamaso pa abale onse anati: 'Ana a masiku ano mukudya nyumba zanu. Ine pa msinkhu wakowo ndinali kale ndi khomo langalanga.' Ndimalandira K400,000 akadula msonkho. Lendi ndi K120,000, thiransipoti imatha pafupifupi K80,000, ndipo fizi ya mng'ono wanga ku sekondale ndimalipira ndine. Masana ndimadya pa memo kapena pa chiwaya, ngati K3,000, ndiye piza ya K20,000 kamodzi pa mwezi. Kodi amalume akunena zoona? Ndikasiya zimenezi ndingamange?"

Achemwali, amalume anu sakunama kuti anali ndi khomo lawo pa msinkhu wanu. Chimene sanafotokoze pa Lamlungu lija n'chakuti khomolo analipeza motani. Tifikako. Poyamba tiwerengere ndalama zanu zomwezi, popeza mwachita bwino kuzilemba.

K3,000 pa masiku 22 a ntchito ndi K66,000. Tikaikapo piza ija zikukwana K86,000 pa mwezi. Munthu sangaswere mu ofesi ndi njala, choncho mukasiya kugula ndiye kuti muzinyamula cha kunyumba, ndipo mpunga, mafuta, tomato ndi makala sagawa ulere pa msika wa kwa Luwanda. Tinene kuti mwadzimana kwambiri mpaka mukutsala ndi K50,000 mwezi uliwonse. Pa chaka ndi K600,000. Tiyerekeze kuti mwapeza poloti ya K6 miliyoni kunja kwa tauni, kwa Mpemba kapena ku Chileka. Ndiye kuti zaka 10 mukusunga, musanakumbe ndi maziko omwe.

Apo tikuyankhula ngati mitengo ikhala pansi n'kumakudikirani. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera mopitirira 30 peresenti. Amene ankasunga za malata mu 2021 anapita ku masitolo a ku Limbe n'kukapeza kuti ndalama yomwe ija sikufunditsanso denga lonse. Sanadye piza ameneyo. Ndalama inangosungunuka ili m'buku.

Nanga ngongole ya ku banki? Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amene ife timapitako amaikanso yawo pamwamba pa imeneyo. Tiyerekeze 30 peresenti. Mukabwereka K30 miliyoni, imene mu Blantyre muno singakupatseni nyumba yodabwitsa, chiwongoladzanja chokha ndi K9 miliyoni pa chaka, kutanthauza K750,000 pa mwezi. Malipiro anu onse, kuphatikiza lendi, thiransipoti ndi fizi ya mng'ono wanu, sakufika n'komwe pamenepo. Ndipo inu muli bwinoko: malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2024 anali K90,000.

Tsopano za amalume. Simunandiuze ntchito imene ankagwira, koma munthu wa nyumba ku Nkolokosa mbiri yake imadziwika. Nkolokosa, Chitawira, Kanjedza, Chinyonga, Soche East, zonsezi ndi nyumba zimene inamanga Malawi Housing Corporation (MHC), bungwe lomwe boma linakhazikitsa mu 1964. Munthu ankalembetsa, kapena kampani yake inkamupezera, n'kulowa pa lendi yotsika kwambiri. Patapita zaka, nyumba zambiri zoterezi zinagulitsidwa kwa anthu omwe ankakhalamo kale. Amene analibe mwayi umenewo ankapatsidwa poloti ku Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe kapena ku South Lunzu, ku Machinjiri komwe mukukhala inuko, n'kumanga pang'onopang'ono, akulipira kandalama kochepa ka malo pa chaka. Kunalinso New Building Society, imene ntchito yake yeniyeni inali kubwereketsa ndalama za nyumba, isanasanduke NBS Bank mu 2004. Ndiye panali mabwana okhala ndi nyumba za antchito: Malawi Railways ku Limbe, ESCOM, ADMARC, apolisi, aphunzitsi. Mnyamata wolowa ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ankadziwa kuti akhalapo zaka zambiri, osati makontirakiti a miyezi sikisi a masiku ano amene banki imangowayang'ana n'kukubwezerani mafomu.

Sindikunena kuti akuluakuluwa sanavutike. Anadya bonya, anayenda pansi kuchoka ku Ndirande kupita ku Makata m'mamawa kuli chisanu, anaphunzitsa abale awo ambirimbiri. Kudzimana kwawo kunali kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akadzimana, panali khomo lotsegula loti ndalamayo ikalowepo n'kubala nyumba. Pa kalembera wa 1987 mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 333,000. Pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu opitirira 800,000. Mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe sanasunthe kuti apereke malo, ndipo MHC sinamange nyumba zofanana ndi kuchuluka kumeneku. Anthu akachuluka, nyumba zikachepa, landilodi amatchula mtengo umene wafuna, adivansi ya miyezi itatu, kenako dobadoba naye akufuna yake yongokuonetsani chitseko.

Mungaseke mutamva kuti chitonzo chimenechi si cha kuno kokha. Ku Australia mu 2017, mpondamatiki wina womanga ndi kugulitsa nyumba, Tim Gurner, ananena pa kanema kuti achinyamata sangagule nyumba pomwe akugula buledi wopaka mapeyala wa madola 19 ndi makapu anayi a khofi a madola anayi iliyonse. Dziko lonse linamuwerengera masamu, ndipo zinadziwikanso kuti iye mwini poyamba bizinesi anabwereka ndalama kwa agogo ake. Chondiseketsa ine n'chakuti kuno mapeyala a ku Thyolo ndi ku Mulanje ndiwo timapaka pa buledi Blue Band ikatithera. Chakudya cha mmphawi kuno n'chimene akuti chikusaukitsa ana ku Melbourne, mzinda wa ku Australia. Chakudya chimasinthasintha malinga ndi dziko, koma wolozedwa chala amakhala yemweyo.

N'chifukwa chiyani chala chimathamangira pa mbale? Chifukwa chakudya chimaoneka. Piza yanu inali pa foni ya m'bale aliyense, pomwe fizi ya mng'ono wanu palibe anaijambula. Chiwongoladzanja cha 30 peresenti sichioneka pa WhatsApp. Komanso, tinene mosabisa, n'kosavuta kudzudzula mwana wa mlongo wako kusiyana ndi kuvomera kuti nyumba imene unagula motchipa ija lero ana ako sangaikwanitse ngakhale kuchita lendi. Ena mwa amene amadzudzula kwambiri ndiwo anamanga tizipinda kuseri kwa nyumba zawo, ndipo lendi amakweza chaka chilichonse.

Pali chinanso chimene anthu amachitembenuza. Amati mulibe nyumba chifukwa mumadya kunja. Kawirikawiri zimayenda mwina: mumadya kunja chifukwa nyumba imene mungakwanitse ili kutali. Wogwira ntchito pa Ginnery Corner wokhala ku Chitawira ankatha kupita kwawo masana, kudya nsima imene aphika akunyumba, n'kubwerera nthawi isanakwane. Inu mumadzuka kusanache kuti mupeze minibasi mizere isanatalike, mumabwerera kuli mdima, mwina magetsi azima, mbaula ikufuna kukoleza. Mukaphika usiku kuti munyamule mawa, popanda firiji, mu Okutobala, ndiwo za nyemba zimafika masana zitasasa. Amayi a pa memo aja amagula ufa wa thumba, amaphika pa moto umodzi chakudya cha anthu makumi angapo, choncho mbale yawo nthawi zina imatchipa kuposa kuphika wekha m'chipinda. Pitani mukaone amene amakhala pa benchi ija pa 12 koloko: amakaniko a maovolosi a mafuta, alonda, atsikana a mu saluni, akalaliki atapinda tayi m'thumba la shati kuopa msuzi. Anthu amenewa sakusangalala ndi ndalama, akungofuna mphamvu yofikira 5 koloko.

Ndipo uphungu woti "ingogulani pomwe patchipa" tiziupereka mosamala. Malo otchipa mu Blantyre ali m'mbali mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pamene Namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja, mabanja athunthu n'kukwiririka usiku. Ambiri mwa anthu amenewo anachita zomwe akuluakulu amalangiza: anadzimana, anagula kamalo komwe akanatha, anamanga kuti athawe lendi.

Komabe musatenge yankho langali ngati chilolezo chodya malipiro onse sabata yoyamba. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo mwa amalume anu muli kachoonadi kamene ndikukavomera. K50,000 pa mwezi singamange nyumba, koma imatha kusiyanitsa munthu amene landilodi akamupatsa notisi amasamuka ndi ndalama yake, ndi amene amathamangira kwa wa katapila. Imakwana kulipira chipatala mwana akadwala usiku. Ndimaona achinyamata ena amene pa 30 akalandira malipiro ali m'masitolo a pa Chichiri, pa 10 mwezi wotsatira akutenga ngongole ya pa foni kuti akwere minibasi. Amenewo vuto ali nalo, ngakhale kuti si limene likuwalepheretsa nyumba. Inu ndi piza imodzi pa mwezi simuli m'gulu limenelo.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana kaye ndalama zikuluzikulu. Lendi ndi thiransipoti pamodzi zikutenga theka la malipiro anu. Kugawana nyumba ndi mnzanu wodalirika ku Zingwangwa kapena ku Naperi, komwe mungayende pansi kupita ku ntchito, kungakubwezereni zambiri kuposa kusiya chiwaya. Chimene mwasunga musachigoneke m'buku la banki lomwe phindu lake likuchepera kukwera kwa mitengo. Chipereganyu cha anthu odziwana, banki mkhonde ya malamulo olembedwa, kapena SACCO ya ku ntchito zimathandiza kuti ndalama ibwere yochuluka nthawi imodzi n'kusanduka chinthu msanga. Tsiku limene mudzafune poloti, musadzapereke ndalama chifukwa cha kalata ya amfumu yokha. Mukafufuze ku ofesi ya za malo kapena ku khonsolo, mufunse oyandikana nawo, chifukwa malo amodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo kuno. Ndipo mukaone malowo nthawi ya mvula, osati mu Ogasiti.

Za amalume, musakawayankhe pagulu, mungangotchedwa wamwano ndipo mfundo yanu ingafere pomwepo. Mukapite tsiku lina muli nokha, mutanyamula kashuga, mukawafunse mwaulemu kuti: "Amalume, nyumba ino munailowa chaka chanji, munaigula zingati, nanga nthawi imeneyo munkalandira zingati?" Akuluakulu amakonda kufotokoza mbiri imeneyi, ndipo akatchula okha manambalawo, inu mudzangotchula anu. Mukawafunsenso ngati kuseri kwa nyumba yawo kuli chipinda chimene angakupatseni pa mtengo wa pachibale kwa zaka ziwiri. Kuchokera ku Nkolokosa kupita pa Ginnery Corner mukhoza kuyenda pansi, ndipo K80,000 ya minibasi ija ikhoza kuyamba kupita ku SACCO mwezi womwewo.