TIFUNSENI: Ana onse akufuna udokotala, ntchito zinazo ndiwaonetse bwanji?

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, ndipo chaka chino andisenzetsanso zolangiza ana pa ntchito zomwe angadzagwire akamaliza sukulu. Vuto nlakuti ukangotchula zaumoyo, aliyense akuti dokotala, ena nesi, basi zathera pompo. Ndinayesa kuwalembera mndandanda wa ntchito pa bolodi koma anangokopera mmakope nkuiwala. Mnzanga wina akuti kwina amapatsa ana nkhani yopeka yoti anthu adwala atadya pa phwando, anawo nkufufuza okha chomwe chawadwalitsa. Zimayenda bwanji zimenezi? Labu yathu ilibe zinthu zambiri. — Mphunzitsi wotopa ndi choko

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo sakunama, ndipo za labuzo musadandaule nazo, chifukwa gawo lalikulu la kafukufuku wa matenda obwera ndi chakudya limachitika ndi pensulo, pepala ndi pakamwa pofunsa anthu. Njirayi ndi yakalekale. Pa 18 April 1940 kunali mgonero wa kutchalitchi ku Lycoming, mudzi wa ku Oswego County mu New York ku America, ndipo usiku womwewo anthu anayamba kusanza ndi kutsegula mmimba. Pa anthu 80 omwe anadya nawo, a zaumoyo anafunsa 75, ndipo 46 mwa iwowa anali atadwala. Mapepala a kafukufuku ameneyo bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda la CDC lakhala likuphunzitsira anthu ake kwa zaka zambirimbiri, nde inu mukachita zofanana nazo mkalasi mukhala mukuyenda njira yomwe akatswiri enieni amadzera.

Yambani ndi makadi. Dulani mapepala 40, khadi lililonse ndi mlendo mmodzi wa pa phwandopo: zaka zake, zomwe anadya, nthawi yomwe anadya, ngati anadwala, nthawi yomwe zinamuyamba komanso zomwe akumva. Theka la kalasi ligwire makadiwo nkukhala odwala ndi abale awo, theka linalo likhale lofunsa. Ogwira makadi muwanong'oneze kuti asamangolakatula zonse, aziyankha chomwe afunsidwa basi, wina aziti ndaiwala, wina aumirire kuti ine ndikudziwa ndi nkhuku ija inkanunkha. Anthu enieni amatero kumene, ndipo pafupifupi aliyense amaloza chakudya chomwe anadya komaliza, pomwe nthawi zambiri chomudwalitsa anachidya dzulo kapena dzana.

Asanayambe kuwerenga odwala, mkangano woyamba ukhale wakuti kodi wodwala ndani? Uyu wangomva mutu timuwerenge? Nanga uyu watsegula kamodzi kokha? Asiyeni alimbane mpaka agwirizane chiganizo chimodzi, monga "aliyense amene anadya pa phwando ndipo wasanza kapena kutsegula mmimba katatu pasanathe masiku atatu". Zimaoneka zazing'ono koma akapanda kumanga bwino pamenepa masamu onse akutsogolo apotoka, ndipo ndi bwino azione okha zikupotoka kusiyana nkuti inu muwauze.

Kenako pakubwera pokoma penipeni. Ana amathamangira kuwerenga kuti odwala ambiri anadya chani, nde inu atchereni msampha dala. Konzani makadi kuti pa alendo 40 odwala akhale 20, ndipo 18 mwa odwalawo anadya mpunga. Muona kalasi yonse ikukuwa kuti tawugwira, ndi mpunga! Pamenepo funsani modekha kuti nanga omwe sanadwale anadya chani? Apeza kuti mpunga anadya anthu 36, anadwala 18, ndiye theka, ndipo pa anayi omwe sanaukhudze anadwala awiri, thekanso. Mpunga ulibe mlandu, unangodyedwa ndi aliyense. Koma saladi wa mazira anadya 22 nkudwala 18, pafupifupi 82 peresenti, pomwe pa 18 omwe sanamudye anadwala awiri okha, 11 peresenti. Ku Oswego kuja zinatuluka chonchi: pa anthu 54 omwe anadya ayisikilimu wa vanila anadwala 43, pafupifupi 80 peresenti, pomwe pa 21 omwe sanadye anadwala atatu basi, 14 peresenti. Zosakaniza za ayisikilimuyo zinakonzedwa dzulo lake nkugona usiku wonse pamalo posazizira, ndipo labu inapezamo kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus. Mwana wochenjera afunsa kuti nanga awiri aja osadya saladi adwala bwanji? Musamuyankhe msanga. Mwina supuni inali imodzi, mwina anaiwala kuti analawako, mwina akudwala zina. Mwana wofunsa funso limenelo mumuyang'anitsitse, ameneyo ndi epidemiologist (katswiri wofufuza mmene matenda amafalikira) wa mawa ngakhale dzinalo sanalimvepo.

Nthawi nayo imaulula wolakwa. Ajambule galafu, pansi maola, mmwamba chiwerengero cha omwe anayamba kudwala pa ola limenelo. Ikakwera phiri limodzi nkutsika ndiye kuti onse anatengera malo amodzi nthawi imodzi. Ndipo maola apakati pa kudya ndi kudwala amakuuza kachilombo koyenera kukaganizira: poizoni wa Staphylococcus amagunda msanga, ola limodzi mpaka 6, kusanza koopsa, ndipo ngakhale utenthetsenso chakudyacho poizoniyo saphwanyika, Clostridium perfringens, wokonda nyama yophikidwa mpoto wamkulu nkuzizira pang'onopang'ono, amatenga maola 8 mpaka 16, norovirus maola 12 mpaka 48, Salmonella angayambe patatha maola 6 kapena kudikira masiku angapo, nthawi zambiri ndi kutentha thupi. Lembani zimenezi pa pepala limodzi nkupatsa gulupu imodzi yokha yomwe ikhale ya labu, ena akafuna apite akapemphe. Ndi mmene azindikirire kuti palibe amene ali ndi nkhani yonse yekha.

Mmenemo ndi momwe muli ntchito zomwe mukufuna aone zija, ndipo musazitchule maina poyamba, apatseni kaye zochita. Gulupu ina ilandire odwala, isankhe woti agonekedwe ndi woti amwe ORS nkubwerera kunyumba (khadi la agogo ndi la khanda muziike dala, aone ngati azindikire kuti amenewa ndi omwe madzi amawathera msanga mthupi). Ina ilandire zitsanzo za chimbudzi ndi zakudya zotsala, zotsatira zake inu mwazisunga mu emvulopu yoti atsegule pokhapokha atalemba bwino fomu yopemphera. Ina ikayendere khitchini, lomwe ndi pepala lofotokoza kuti filiji inazima masana, saladi anakhala patebulo maola asanu, wophika mmodzi anali ndi chilonda pachala chomanga ndi kansalu. Auzeni kuti pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius tizilombo timaswana mwachangu, zotsalazo alumikize okha. Ina itsatire mazirawo kubwerera nawo mpaka ku famu, uko ndi kwa madokotala a ziweto. Akamaliza mpomwe muwauze kuti inu munali oyendera zaukhondo, inu a labu, inu akatswiri a ziwerengero, ndipo ntchito iliyonse ili ndi kozi yake ku koleji.

Gulupu yomwe ine ndimaikonda ndi yolankhula ndi atolankhani, ndipo muipanikize ndithu, pakati pa kafukufuku mulowe ngati mtolankhani nkumati anthu akufuna kudziwa lero, ndi chakudya chanji? Mu 2011 ku Germany kunabuka mliri wa kachilombo ka E. coli O104:H4, anthu zikwi anadwala ndipo oposa 50 anamwalira. Akuluakulu a ku Hamburg analengeza kuti akukayikira nkhaka zochokera ku Spain, alimi a kumeneko katundu wawo anangowolera mmanja, kenako zinadziwika kuti gwero linali timbewu tophukitsa ta fenugreek tomwe mbewu zake zinachokera ku Egypt. Koma kukhala chete nako kumapha anthu, chifukwa akupitiriza kudya. Funsani anawo kuti akanakhala iwo akanalengeza liti, ndipo akananena mawu anji. Pamenepa palibe yankho la kumapeto kwa buku, nde musadabwe belu likalira iwo akadakangana.

Mapiriyodi awiri kapena atatu akukwanirani. Ngati mungapeze wa zaumoyo weniweni woti abwere, abwere tsiku lomaliza anawo atavutika kale, mafunso awo amakhala ena.

FUNSO: Ndili chaka chomaliza ku sekondale. Ndimafuna ntchito yothandiza odwala koma ndikaona magazi ndimachita chizungulire, pomwe masamu ndimakhoza bwino. Anzanga akuti ndingoiwala za zaumoyo. Ndi zoona? — Mtsikana wamantha

YANKHO: Mwanawe, anzakowo akudziwa chipatala cha pa wodi chokha. Tamvera izi. Kuyambira 2017 mpaka 2018 ku South Africa kunali mliri wa listeriosis (matenda obwera ndi kachilombo ka Listeria) waukulu kuposa wina uliwonse womwe unalembedwapo, anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Listeria ndi kachilombo kovuta, kamatha kukhala mthupi masabata angapo munthu asanadwale, komanso kamaswana ngakhale mufiliji, nde tayesa kufunsa munthu zomwe anadya mwezi watha uone. Madokotala ankachiza odwala mmodzimmodzi, koma omwe anatseka mpopi wa matendawo anali ena: a labu ku NICD, bungwe la dzikolo loona za matenda opatsirana, omwe ankawerenga majini a kachilomboko nkupeza kuti odwala ambiri ali ndi mtundu umodzi wotchedwa ST6, ofunsa odwala zomwe anadya, komanso oyendera zaukhondo omwe mu January 2018 anapita ku sukulu ya mkaka ina ku Soweto komwe ana anadwala nkutenga zitsanzo za poloni. Pa 4 March 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza kuti gwero lapezeka ku fakitale ina ya nyama ku Polokwane, katundu anachotsedwa mmashopu, ndipo chiwerengero cha odwala chinatsika. Ambiri mwa anthu amenewa ntchito yawo inali pa kompyuta ndi pa mafomu.

Ntchitoyo ndi yambiri, WHO inawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa ndipo 420,000 amamwalira, 125,000 mwa iwo ana osakwana zaka zisanu. Ndi masamu akowo yang'ana makozi a biostatistics (ziwerengero za zaumoyo), epidemiology, public health, environmental health (ya oyendera zaukhondo) kapena food science. Chokhacho usataye biology ndi chemistry poti ndimakhoza masamu, makozi ambiri amafuna zonse. Ndipo ndisakunamize, wa environmental health amalowa mmalo ophera nyama ndi mzimbudzi, wa labu amagwira zitsanzo za magazi tsiku ndi tsiku, nde ngati chizungulire chako nchachikulu tsamira ku ziwerengero. Komanso ambiri mantha amenewa amachepa akazolowera, usadzitsekere zitseko uli ndi zaka 17 kapena 18.

FUNSO: Pa sukulu yathu yogonera konko ana angapo anatsegula mmimba mwezi watha. Ndingagwiritse ntchito nkhani yeniyeniyi mkalasi? Ndimaganizanso zoti ana atole zitsanzo kukhitchini timeretse tizilombo mu labu. — Mphunzitsi wa biology

YANKHO: Zonse ziwiri ayi, aphunzitsi. Nkhani yeniyeni ili ndi anthu enieni, ana akangoyamba kufufuza mawa lake sukulu yonse ikhala ikuloza wophika uje kuti ndi amene anatidwalitsa, pomwe mwina vuto linali madzi kapena mwana mmodzi wobwera ndi norovirus kuchokera ku holide, ndipo matenda a mwana ndi chinsinsi chake, si zoti anzake azilemba pa bolodi. Zimenezo ngati simunawauze a zaumoyo a mdera lanu auzeni, ndi ntchito yawo. Mkalasi pekani phwando lina, maina ena, zakudya zina.

Zomeretsa tizilombozo nde musayerekeze. Mbale imodzi yomeretsera imasandutsa tizilombo tochepa kukhala mamiliyoni, simudziwa chomwe chameramo, ndipo popanda makina ophera tizilombo ndi nthunzi mulibe njira yabwino yotayira. Mukafuna kuti aone mmene tizilombo timayendera, pakani mwana mmodzi choko chofiira chopera mmanja ena asakudziwa, apatsane moni, agwire supuni ndi mbale zopanda kanthu kwa mphindi 10, kenako onse atambasule manja muwerenge kuti chafika kwa angati. Mukatero agaweni pawiri, ena asambe ndi madzi okha, ena ndi sopo kwa masekondi 20, apukutire pa pepala loyera nkufananitsa.